Anandilanda Thireyi ya Mgonero Chifukwa Mimba Yaphwa

Ndinayamba kudandaula polembera kalata bwalo la akulu ampingo Lolemba lotsatira Pasaka, chaka chatha. Kalata yachiwiri ndinapereka pamanja nthawi yachisanu, yachitatu mvula itangoyamba. Iliyonse ndinalemba ziwiri, ndipo zanga zili mu envulopu pamodzi ndi ndandanda wa akulu ampingo operekera Mgonero, wakale ndi watsopano. Pa wakale dzina langa lili lachitatu. Pa watsopano palibe.

Ndinabwera ku Rumphi Boma ndili mnyamata kuchokera ku Dedza, kudzagwira ntchito ya zaulimi, ndipo ndakalambira konkuno. Mimba ikamakula, ulemu unkakulanso. Pamsika ankandikuwira, “Adada, boma likukusungani bwino chomene!” Sankadziwa kuti pamasitepe atatu a tchalitchi ndinkaima ngati ndikupereka moni, chonsecho ndikufuna mpweya.

Kuchipatala anandipeza ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Dokotala, wa msinkhu wa mwana wanga wamkazi, sananyengerere: “Agogo, muziyenda. Mchere pang'ono, zonona pang'ono, tiyi wopanda shuga.” Ndinamvera. M'mawa uliwonse ndimayenda mpaka pamlatho n'kubwerera. Lamba ndinamuboola kanayi ndi msomali, ndipo suti yanga yakuda telala waibweza kawiri.

Pa Pasaka paja ndinavala suti yomweyo n'kulowa m'chipinda chokonzekerera akulu ampingo. Nditagwira thireyi ya timakapu, mlembi wa mpingo anaikapo dzanja.

“Adada, lero pumulani. Ndi yolemera.”

“Yalemera liti? Ndainyamula zaka zonsezi.”

Mkulu wina, mnzanga wa kalekale, anaseka. “Kale inkatsamira pamimba, adada. Lero itsamira pati?”

Onse anaseka. Kenako mlembi anatsitsa mawu: “Akhristu ena akuti sangalandire kapu m'manja mwanu mpaka mutachira.”

Ndinakakhala pabenchi pakati pa anthu. Nthawi ya zolengeza ndinamva dzina langa pa mndandanda wa odwala, ndipo mpingo wonse unandipempherera ndili chikhalire, nditayenda mpaka pamlatho m'mawa womwewo. Ameni sindinayankhe.

Lachinayi amayi a chigwirizano anabwera kudzazonda matenda. Ananyamula mapaketi awiri a shuga ndi botolo la mafuta ophikira. Shuga, kwa ine! Wamkulu wawo anatembenukira kwa mkazi wanga: “Amama, musamaumire, muziwathirira. Mwamuna akaonda, mlandu ndi wa kukhitchini.” Mkazi wanga anangoti yewo, maso pansi. Ine ndinatulutsa buku langa la kuchipatala, mmene dokotala analemba ndi dzanja lake kuti zonse zatsika bwino, ndipitirize. Palibe amene analigwira, ndipo wamkulu uja anati: “Ayi adada, za m'bukumo n'zanu ndi Mulungu.” Ndinamvetsa matenda amene ankaganiza.

Ndipo akanakhala omwewo, bwanji? Kapu ikanadetsedwa? Mumpingo mwathu muli anthu omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ali bwinobwino, ndipo akuona mmene tikuchitirana. Onenepa sindiwanyoza, ndinali mmodzi wa iwo. Chimene ndikukana n'kupima munthu ndi maso, osamufunsa.

Mnzanga wosekayo anandipeza pamsika nati, “Ingobwezani kamimba pang'ono, nkhani ithe.” Ndinamuyankha kuti sindidzipha pofuna kuti mitima yawo ikhale m'malo. Thupi ili limandikweza masitepe popanda kupumira, ndimamanga ndekha zingwe za nsapato, ndipo sindichita nalo manyazi.

Mgonero wina ukubwera mwezi wamawa. Choncho, mwaulemu, ndikupempha bwalo la akulu ampingo kuti lindiyankhe polemba tsikulo lisanafike: ndi lamulo liti la mpingo limene limayeza mkulu ndi chiuno chake, ndipo ndani analola kuti dzina langa liwerengedwe pakati pa odwala? Ngati lamulolo palibe, dzina langa libwezeretsedwe pa operekera Mgonero, ndipo zimenezi zilengezedwe pa guwa, mpingo wonse ukumva.