Khoma Limene Linadya Dzuwa

Mawu oyamba amene Remi anamva kwa Godelieve anali mwano. Remiyo anabweretsa malasha kunyumba ya malemu Aloïs Vanhoutte mumzinda wa Kortrijk, ndipo atatula thumba anatsamira zenera lalikulu la pamakwerero kuti apumeko.

"Chotsa chimsana chakocho, chimphongo iwe! Ukuyesa ndi khola la nkhumba? Mtovu wogwira magalasiwo umapindika!"

Chaka chisanathe anakwatirana.

Aloïs, bambo ake a Godelieve, ankapanga magalasi amitundumitundu a m'matchalitchi, koma zenera ilo anapangira nyumba yakeyo. Linali ndi akazi atatu akuzula fulakesi, mbewu yopangira nsalu, wapakatiyo ali ndi nkhope ya mkazi wake. Analiyang'anitsa dala kummwera, kumene dzuwa la kumeneko limadzera. Dzuwa likafika pamutu, mitundu inkakhuthukira pansi ngati yotayika m'mtsuko, ndipo Godelieve ankasiya chilichonse kudzaona amayi ake.

Kenaka woyandikana nawo anagulitsa dimba lake, pamalopo nkumera nyumba yansanjika. Galasi lotere likasowa kuwala kuseri limada bii ngati chiwaya. Akazi atatu aja anazimirira.

Godelieve anaganiza zosamutsira zeneralo kukhoma lina. A khonsolo, amene anali atakhoma kale chitsulo chowala pakhomo chonena kuti iyi ndi nyumba ya mbiri, anakana kwamtuwagalu.

"Zenerali nlotetezedwa, mayi. Silisunthidwa."

"Nanga dzuwa?"

"Lamulo silinenapo za dzuwa. Koma tingakuikireni magetsi kuseri."

"Magetsi! Mayi anga aziwala ngati chikwangwani cha ogulitsa tchipisi?"

Remi ankamuperekeza kumaofesiko, atafumbata chipewa, mpaka onse awiri anamera imvi. Alendo odzaona nyumba ankayang'ana mdimawo mwaulemu, nkutsokomola, nkumapita. Ena anafunsa ngati zeneralo linapsa pankhondo. Godelieve ankawatulutsa asanamalize funso, mkwiyo wotsalawo nkuuthira pa mwamuna wake, pa msuzi, pa mphaka.

M'chilimwe china chakumapeto, miyendo ya Godelieve itakana, Remi anazula kalilole wa pakabati ya zovala nakwera naye padenga. Asanakwere anamukhazika mkaziyo pampando pansi pa makwerero, natsegula kazenera kakumwamba kuti azimvana. Dzuwa analigwira ndithu, koma kulitsitsira mumpata wa nyumba ziwirizo kunali ngati kulowetsa ulusi m'singano.

"Kumanzere! Kumanzere kwanga, gonthi iwe!"

Kachigamba ka kuwala kanayendayenda pagalasi. Kanadzutsa duwa laling'ono, kanadzutsa mpango wofiira, kanaima pang'ono. Pomwepo mtambo unatulukira kuchokera kunyanja, nuphimba dzuwa.

"Wawaona?" anafuula Remi, mapewa akuyaka moto.

"Ndaona chigongono! Ndani anakutuma chigongono? Ndikufuna nkhope!"

Remi anakhala pansi pamatailosi a dengalo, kalilole ali pamaondo, nayang'ana mtambowo. Unali waukulu, ndipo kumbuyo kwake kunali unzake.

"Usatsike!" mawu anakwera kuchokera pansi.

"Ndikutsika ine ngati?"