Mazenera Amene a Nyundo Anamata

Bambo wokonza zowonongeka pasukulupo, amene ana anawapatsa dzina lakuti a Nyundo, agwira ntchitoyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mawondo awo anayamba kalekale kudandaula, ndipo makwerero amakwera mopumira.

Chaka chilichonse, oyendera sukulu akatsala pang'ono kufika, a Nyundo ankapaka utoto wobiriwira m'mafelemu a mazenera. Ankapaka mazenerawo ali chitsekere, kuopa kuti fumbi lingamatirire pa utoto wauwisi. Palibe anawadzudzulapo. Oyendera ankayamikira ukhondo n'kumapita.

Chaka chino mdzukulu wawo wamkazi, wodwala mphumu, analowa m'kalasi ya kumapeto kwa khonde. Pakati pa teremu yachiwiri kunabwera kalata yakuti mwanayo amangosinza m'kalasi, ndipo akapitiriza adzabwereza.

A Nyundo anavala jekete n'kupita kukapepesa, dzuwa litakwera ndithu. Atatsegula chitseko anakumana ndi mpweya wofunda, wa thukuta ndi choko. Ana makumi asanu ndi atatu anali ataweramira pamadesiki, ena akuyasamula, mdzukulu uja akupuma ngati wakwera phiri.

"Pepani aphunzitsi, kunyumbatu amagona mokwanira," anatero a Nyundo.

"Si yekha, bambo," anayankha mayi wophunzitsa kalasiyo, akudzikupiza ndi kope. "Ndinaleka kuwakalipira. Ineyo ndimatuluka muno mutu ukuwawa ngati ndasenza njerwa. Mazenerawa ndinakankha mpaka kuthyola chikhadabo. Kaya anawamata ndani, koma ntchito amaidziwa."

A Nyundo anayandikira zenera. Anayendetsa chala m'mphepete mwa felemu. Panalibe mpata wolowa ngakhale nyerere.

Ana ataweruka, a Nyundo anabwerera ndi tchizulo kudzapala mafelemu. Utoto unkasupuka pang'onopang'ono, wa chaka chino, wa chaka chatha, wa chaka chimene mdzukuluyo anabadwa. Zenera limodzi linawadyera maola atatu lisanalole kutseguka.

M'mawa mwake anapempha kuti mwanayo azikhala pansi pa zeneralo. Ali pakhonde, mphunzitsi wamkulu anatulukira.

"A Nyundo, oyendera akubwera Lachinayi, inu mwapalasa felemu ngati nkhuku! Mupakenso msanga."

"Ndipaka, bwana, koma ali chitsegukire. Fumbi likamatirira, mudzawauze kuti ndakalamba."

Anasuzumira m'kalasi. Mdzukulu uja anali maso, akulemba. Pasukulu yonse panatsala mazenera makumi anayi ndi limodzi. A Nyundo anasisita bondo, nakokera makwerero pa zenera lachiwiri.