Tsiku Limene Ndinakana Apongozi ku Gofu

Gofu sindinamufune ine, anachita kundikankhiramo. Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene maesiteti a tiyi ku Mulanje anayamba kukweza ife akuda pa maudindo amene kale tinkangowaonera patali. Ndinachoka pa ukalaliki wa kumunda n'kukhala wachiwiri kwa manejala. Sabata yomweyo bwana wamkulu, mzungu wa mawu ochepa, anandiuza kuti munthu wa udindo wanga amalowa kalabu n'kumasewera gofu Loweruka, chifukwa nkhani zenizeni za ntchito zimathera kumeneko. Anandibwereka ndodo zake zakale za gofu m'chikwama cholemera ngati thumba la feteleza.

Vuto linali limodzi. Apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga, ankagwira ntchito ku kalabu komweko, yonyamulira osewera zikwama.

Anali munthu wochokera ku Mozambiki, anawoloka malire nthawi ya nkhondo ali ndi ana anayi ndi mphasa. Poyamba ankasenza katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Mawondo atayamba kudandaula, anapeza malo ku gofu, kumene kulibe zitunda zoopsa. Ine nditakwatira mwana wawo ndilibe ngakhale njinga, anandilandira pachikamwini, nandidulira munda mbali ya wawo. Zaka zitatu ndinadya chimanga cha m'nthaka yawo. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka n'kuvula chipewa. Ndikawaona atasenza kanthu, ngakhale mtolo wa nsungwi, ndinkathamanga kukawalandira. Umu ndi mmene tinaleredwera: mkamwini sayenda chimanjamanja apongozi ake atasenza.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti onyamula zikwama alipo ambiri, sizingatheke kuti andigwere iwowo.

Loweruka langa loyamba kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Onyamula zikwama anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi poyambira masewera, atavala malaya obiriwira a kalabu. Kapitawo wawo ankawaitana mmodzimmodzi potsata mzere. Bwana wamkulu anapatsidwa wake. Mzungu wina wa ku fakitale anapatsidwa wake. Itafika nthawi yanga, ndinaona amene akudzuka ndi apongozi. Anabwera akutsimphina pang'ono, nawerama kuti anyamule chikwama changa.

M'maganizo ndinaona maenje onse khumi ndi asanu ndi atatu a bwalo la gofu, ine patsogolo manja m'thumba, iwo pambuyo atapindika msana. Ndinaona akundipukutira mpira, akundipatsa ndodo ndi manja awiri, akundiitana kuti bwana. Ndinagwira lamba wa chikwama iwo asanachikweze.

“Awa ayi,” ndinauza kapitawo. “Ndipatseni wina.”

Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Kapitawo anandiyandikira.

“Alakwa chiyani, bwana?”

Apa ndiye pamene ndinagwera. Yankho linali lalifupi: ndi apongozi anga. Koma azungu awiri aja ankandiyang'ana, wina akugwedeza ndodo posonyeza kuti ndikuchedwetsa masewera. Ndinangoti, “Ndanena kuti wina.”

Apongozi anasiya lamba uja pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anabwerera pansi pa mtengo, nakhala kumapeto kwa anzawo.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti ndinachita zimenezi chifukwa cha ulemu. Ulemu unalipo ndithu, sindikunama. Koma manyazi analiponso, ndipo ndi amene anatseka pakamwa panga. Sindinafune kuti bwana adziwe kuti wachiwiri wake watsopano, wa nsapato zonyezimira, anakwatira kwa munthu wonyamula zikwama.

Masewerawo ndinasewera zamanyazi. Amene anandinyamulira anali munthu wosalankhula, ankangondipatsa ndodo iliyonse imene ndaloza. Mpira wanga unalowa mumchenga, unalowa m'ngalande, wina unakathera m'munda wa tiyi. Pa dzenje lachinayi ndinakumba kapinga ngati ndikupanga mizere ya mbatata, azungu akuseka mobisa. Ndinabwerera kunyumba mutu ukuwawa, osauza mkazi wanga kalikonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti komiti ya kalabu inali itayamba kale kudandaula kuti onyamula zikwama achuluka, ndipo okalamba akuyenda pang'onopang'ono. Lamulo lawo linali lakuti amene wakanidwa ndi membala amayamba waima kaye mpaka nkhani yake imveke. Lolemba apongozi analandidwa malaya obiriwira aja. Mkazi wanga anamva kwa mng'ono wake pamsika wa Limbuli, nabwera maso ali gwa.

“Bambo awaimitsa ntchito. Akuti munawakana pagulu. N'zoona?”

Ndinayamba kufotokoza za mwambo. Anandidula.

“Mwambo ndikuudziwa, si inu mungandiphunzitse. Pitani mukawauze a komitiwo kuti ndi apongozi anu. Basi.”

Ndinalonjeza kuti ndipita mawa. Mawa lake kunabwera alendo ku esiteti. Sabata yotsatira ndinafika mpaka pakhonde la kalabu, ndinaona wapampando wa komiti akumwa mowa ndi bwana wanga, ndinabwerera. Ndinkadziuza kuti ndikudikira mpata wabwino. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pamene ndinalimba mtima n'kukalankhula, patatha masabata atatu, wapampando anandimvetsera mwaulemu, nati pepani, mndandanda watsopano watsekedwa kale, okalamba onse amene mamembala anawadandaula achotsedwa. Anawonjeza kuti ndikananena tsiku lomwelo, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Anaseka n'kuseka, akuti mwambo wathu ndi wokongola.

Ndinatumiza mkazi wanga kuti akawauze bambo ake kuti asavutike, tiziwasamala ife. Anakana. Anati iwo sanafike podyetsedwa ndi mkamwini manja ali nawo. Anabwerera ku Likhubula, kukapikisana ndi anthu a misinkhu ya ana awo pa katundu wa alendo. Mwezi wachiwiri, akutsika phiri mvula itagwa, bondo linagonja. Anawatsitsa anzawo pa machira a nsungwi, ndipo kuchokera pamenepo sanayendenso opanda ndodo.

Ndinapita kukawaona atatuluka m'chipatala. Ndinawapeza pakhonde, mwendo atautambasula pamphasa. Ndinakhala pansi chapatali, monga mwa masiku onse. Tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za nandolo. Kenaka ndinayamba kupepesa, mawu akukodwakodwa. Ndinati sindikanatha kuwaona atasenza katundu wanga ine ndikuyenda chimanjamanja.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Akamwini,” anatero, “ine ndanyamulira anthu ambiri. Ena ankanditukwana mpira ukasowa. Wina anandiponyera ndodo. Chikwama sichinyoza munthu.”

Ndinangoti zoona, bambo.

“Tsiku lija sunali mzere wanga. Ine ndimayenera kunyamulira mzungu wa ku fakitale uja, amene amapatsa bwino. Mwana wanga atandiuza kuti mukubwera kudzasewera koyamba, ndinapempha mnzanga kuti tisinthane.”

Ndinadzutsa mutu, ndinawayang'ana kumaso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatirire.

“Bwalo lija ndimalidziwa ngati munda wanga,” anapitiriza. “Ndimadziwa pamene mpira umathawira kumanzere, ndi pamene mphepo ya m'phiri imanamiza munthu. Ndinati mwana wathu asakasekedwe ndi azungu, ndizikamunong'oneza ndodo yoti atenge. Pa dzenje lachinayi paja mukanatenga ndodo yaifupi. Anzanga anandiuza kuti munalima.”

Anaseka pang'ono, koma ine kuseka kunandikanika. Misozi inangotsika, ine bambo wa ana atatu, pamaso pa apongozi.

Gofu ndinasewerabe zaka zina zisanu ndi zinayi, chifukwa ntchito inkafuna zimenezo, ndipo ndinafika pomudziwa ndithu. Koma chikwama ndinkanyamula ndekha. Anzanga ankanditcha waumbombo, onyamula zikwama ankandiyang'ana ndi diso loipa poti ndikuwamana ganyu, ndipo sindinawatsutse. Pa dzenje lachinayi ndinkatenga ndodo yaifupi nthawi zonse. Mpira unkagwera pabwino, monga ananenera.