Ndinapichira Fodya Pepala la Mkazi Wanga la Kuchipatala

Ndinamulakwira mkazi wanga Nabanda, ndipo kopepesa kulibenso chifukwa anagona kale kumanda a kwawo kufupi ndi Mphunzi. Inu owerenga, ndimveni kaye, mundide pambuyo.

Nabanda anamva kachotupa m'bele lakumanzere akusamba. Kuchipatala anamuunika ndi makina aja amawayendetsa pakhungu atapakapo mafuta oterera, zam'kati n'kumaoneka pakanema. Atadulako kanyama n'kukapima, anati ndi khansa, koma mwayi wake yapezeka msanga. Belelo anakalichotsa ku Lilongwe. Potuluka, adokotala analemba tsiku m'kabuku kake ka kuchipatala kuti adzabwerenso kudzaunikidwa bele lotsalalo ndi m'khwapa. Anamuuza kuti nthendayi imatha kubwerera mwakachetechete, koma makina amaiona ikadali ngati kanjere, dzanja lisanaimve.

Ine ndinali mkamwini wa mtima wapachala. Kumowa anzanga ankandiseka kuti ndikulimira mkazi wabele limodzi, ndipo lotsalalo akukaligwiragwira mwamuna wina mumzinda. M'malo mowadzudzula, mawuwo ndinkafika nawo kunyumba. Dzina la Nabanda ndinalisiya, ndinkangoti "wabele limodzi", ngakhale pamaso pa mwana wathu wamkulu Tereza.

Tsiku lokaunikidwa lija linagwera nyengo yokumba kachewere. Nabanda atandikumbutsa mwaulemu, ndinalanda kabukuko, n'kung'amba tsamba lomwe panali tsikulo, n'kupichiramo fodya wa chingambwe. Ndinayatsa ndikumuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti ulendo wake wapita ndi utsi, anyamule khasu. Sanalire. Anatola kabuku pansi n'kukakasunga, Tereza akuona zonse.

Zaka ziwiri zinadutsa ali bwinobwino, ine n'kumadzitama kuti ndinamuchiritsa ndi khasu. Kenako anayamba kudandaula msana, chifuwa chosatha chinatsatira. Ndinkamunena kuti ndi ulesi, mpaka tsiku lomwe anagwa ndi mtolo wa nkhuni panjira yochokera ku Chongoni.

Atamujambula kuchipatala, adokotala anatisonyeza zithunzi. Nthenda inali italowa m'mapapo ndi m'mafupa. Anatsegula kabuku kaja, chala chawo n'kuima pomwe panang'ambika, n'kufunsa chifukwa chimene mayi sanabwerere nthawi yonseyi. Nabanda anayankha motsitsa mawu kuti, "Mbewa zinadya, adokotala. Ine n'kuiwala tsiku."

Bodza limenelo limandiwawa kuposa chitonzo chilichonse. Anamwalira chimanga chisanache, osandinenera kwa abale ake.

Abale akewo atandisudzula ndinabwerera kwathu. Tereza anakwatiwa pa Dedza Boma, ndipo iye amapita kukaunikidwa mosaphonya poti adokotala anamuuza kuti nthendayi nthawi zina imayenda m'magazi. Mwezi wathawu ndinakamuona. Anandilonjera atagwada monga mwa mwambo, koma ndisanakhale n'komwe anadzuka, n'kutenga kabuku kake ka kuchipatala patebulo, n'kukabisa m'chitenje.

Abambo anzanga, mkazi akachotsedwa bele n'kuoneka wonenepa, musadzinamize kuti zatha. Zimene zili m'kati diso lanu silingazione, amaona ndi makina aja. Tsiku lolembedwa m'kabuku likafika, siyani khasu mumuperekeze, oseka aseke. Kachewere amene ndinaumirira uja tinakumba n'kudya n'kutha, ndipo anzanga a kumowa aja akazi awo ali moyo.