Buledi wa Pamsomali kwa a Norpulat

Musandiuzenso zoti a Norpulat ndi munthu wabwino, ndatopa nazo. Aliyense wodutsa pageti panga ndi nyimbo yomweyo: "Koma a Holbibi, bambo aja ndi amtima wabwino." Inde, ndi amtima wabwino. Ngamira nayonso ndi yamtima wabwino, koma kakwatiweni nayo muone.

Ine ndakhala nawo moyandikana chibwerereni ukwati m'tauni muno. Pakhoma lolekanitsa mabwalo athu pali kachitseko kamene ine ndi akazi awo, Sojida, timapatsirana moto, mchere ndi nkhani. Ndiye akatsokomola uko, kuno ndimamva. Sikuti ndimachita kutchera khutu ayi, khomalo ndi ladothi basi.

Bambowa anabadwira konkuno, m'mphepete mwa msewu wa ku Uchkuduk. Bambo awo ankayang'anira chitsime cha nkhosa, koma iwo nkhosa sizinawalowe m'mutu. Anakulira kumata machubu. Kashedi kawo kamalata mukukadziwa, pafupi ndi pomwera tiyi paja. Moyo wawo wonse girisi m'zikhadabo, sipanala m'thumba. Mowa samwa, dzanja sanakwezerepo mkazi. Mwana anamupeza mmodzi yekha, Shahlo, atamufunafuna mpaka kutaya mtima. Tonse tinkati Sojida anatola mwayi.

Chinawalodza ndi alendo a njinga aja. Chisanu chikangotha amayamba kutulukira mumsewumo, nkhope zosupuka ndi dzuwa, njinga zitasenza zikwama uku ndi uku ngati abulu. Sipoko ikathyoka amaima pashedi pa a Norpulat. Ndiye iwo poti mlendo sabwezedwa, amabwera nawo kunyumba kuti akhome matenti awo pansi pa mtengo wa mabulosi. Wophika ndani? Sojida. Wowapatsa madzi osamba, madzi amene galimoto imatibweretsera ikafuna yokha, ndani? Sojida. Eni alendowo ali tambalale pakapeti, kukamwa yasa, akuonetsedwa zithunzi pafoni. Chilankhulo osamvana, koma kumangoti "Oo! Oo!" ngati nkhosa yaona mchere.

Imvi zitayamba kutuluka, m'malo moti nzeru zibwere, anamanga njinga yawoyawo ndi zitsulo zotsala. Anawotcherera kaliyala yonyamulira zigubu zamadzi, tenti anapatsidwa ndi mlendo wina. Tsiku lina ndinamva akuti:

"Mayi a Shahlo, ine ndakalamba ndikukonza njinga za anthu opita kutali. Ndikufuna ndikaone kumene msewuwu umathera."

"Umathera kumanda, bambo a Shahlo," anatero Sojida.

Analira, koma pomaliza anakoleza moto mu tandir, uvuni wathu wadothi uja, n'kuchita zimene timachitira mnyamata wopita ku usilikali. Anaphika buledi, anawapatsa kuti alume kamodzi, wotsalayo anamupachika pamsomali m'chipinda cha alendo, kuti chakudya chawo chikhale chikuwadikira, chiwakoke adzachimalize ali moyo.

Ine ndinamuuza tsiku lomwelo. Ndinati, "Mnzanga, mwambo umenewu ndi wa anthu ochita kutengedwa. Awa akutengedwa ndi ndani? Ukuwapatsa chizolowezi." Iye anangoti, "Usiye, Holbibi, bola mtima wanga ukhale pansi."

A Norpulat anabwerako ali mbuu, milomo yong'ambika, thalauza likuvuka lokha. Ananyika buledi wouma uja mu tiyi n'kumudya yense, kenako nkhani zinayamba. Ati anagona kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ati anagona pasiteshoni yasitima yomwe sitima inasiya kuima kalekale. Ati kuli timatauni ta sitolo imodzi, kumene agalu amachita ulesi kukuwa. Ati mphepo inawabweza chammbuyo tsiku lathunthu, ati akamba amadutsa msewu ngati apita ku ukwati, ati tiyi wowiritsa pa nkhuni za saksaul alibe mnzake. Amuna a m'tauni muno, amene ngakhale kumsika amapita pagalimoto, anawasandutsa ngwazi.

Basitu, chinakhala chizolowezi chija ndinanenachi. Chisanu chikatha, ulendo. Kutentha kukachepa, ulendo. Ndipo tsopano ndi iwo amene ankachita kuitanitsa: "Mayi a Shahlo, buledi wanga uja wapsa?" Ngati akuitanitsa nsapato. Denga likudontha, nkhosa zikufuna udzu, zigubu zikufuna wonyamula, zonse pamsana pa Sojida. Foni bambowo ali nayo, koma ati kuchipululu sikugwira. Kukagwirako, ati batire latha.

Chimene chinandiwiritsa magazi ndi chimene amuna anga anabwera nacho kuchokera komwera tiyi. Ati a Norpulat anadziguguda pamtima pamaso pa anthu: "Ine sindingafere m'chipululu, buledi wanga ali pamsomali. Ndipo mkazi wanga sangachoke pakhomo, akulondera bulediyo." Anthu n'kuseka. Mwamva? Mkazi wapachika buledi ndi misozi, iwo akumuona ngati chingwe chomangira mbuzi. Ndinakamuuza Sojida? Ndinakamuuza, inde. Mukanakhala inu mukanasunga? Iye anangopitiriza kukanda ufa, koma mmene ankaukandira, ufawo unalapa.

Chaka chino kunabwera anthu a ku Navoi kudzafunsira Shahlo. Banja labwino, mnyamata wofatsa, mtsikana naye wakonda. Anagwirizana zodzabweranso mabulosi akapsa kuti adzanyeme buledi wa chitomero, bambo a mwana adzavomereze pamaso pa akuluakulu. Ndiye m'mawa wina ndikumva pampu ikulira kuseri kwa khoma, fyee, fyee.

"Mukupopa chiyani?" Ameneyo Sojida.

"Kaulendo kakafupi, mayi a Shahlo. Ndikangozungulira ku Moynaq, ndikaone kumene kunali nyanja."

"Ku Moynaq n'kufupi? Mwana wanu akutomeredwa!"

"Mabulosi asanapse ndili pano. Ndinakunamizanipo liti?"

"Adadi, chonde," anatero Shahlo.

"Iwe mwana wanga, usade nkhawa. Ndikubweretsera zigoba za m'nyanja."

Zigoba! Ndinalephera kupirira, ndinasuzumira pakachitseko. "Inu achimwene, mulibe manyazi? Ndevu zonsezo?"

"Mwadzuka bwanji, a wailesi ya m'tauni muno?" anatero akuseka. "Lero mwatsegula molawirira."

Sojida anawaphikira bulediyo. Analuma, anapukuta ndevu, anakwera. Iye anamupachika pamsomali. Ulendo uno sanalire.

Mabulosi anapsa, mbalame zinadya, ana anada milomo. A Norpulat zii. Akuchimuna anafika ndi mphatso zawo atakulunga m'nsalu zoyera, amalume a mnyamata atavala chipewa chatsopano. Ine ndinali komweko kuthandiza kuphika mpunga. Anawalowetsa m'chipinda cha alendo, anawathirira tiyi, anacheza za msewu, za kutentha. Kenako mayi a mnyamata, mayi wina wa mano agolide ndi lilime ngati lumo, anakweza maso n'kuona buledi pamsomali.

"Mulungu amusunge. Muli ndi mwana ku usilikali?"

"Ayi, ndi wa bambo a m'nyumba muno," anatero Sojida chapansipansi. "Ali paulendo."

"Ulendo wa ntchito? Kapena apita ku Haji?"

Shahlo kuseri kwa katani akuluma mpango.

"Apita pa njinga," anatero Sojida.

"Pa njinga! Kukatani?"

"Kukaona."

Mayi uja anaika kapu pansi mwaulemu wopweteka. "Ife tabwera ulendo wonsewu kudzapempha mwana kwa bambo ake. Sitinyema buledi ndi msomali. Akatopa kusewera mutiuze."

Ananyamula nsalu zawo zosamasula n'kukwera galimoto. Mpunga mphika wonse uja unadyedwa ndi ife aneba. Pofika madzulo nkhani inali itafika nyumba iliyonse, ndipo ndikulumbira, ulendo umenewu sindine ndinaifalitsa.

Madzulo omwewo kunatulukira alendo awiri a njinga, mwamuna ndi mkazi, atauzidwa ndi anzawo kuti kuno kuli bwalo la mtengo wa mabulosi. Ine ndinati, "Athamangitse, lero si tsiku lake." Sojida anati, "Mlendo alibe mlandu." Anawasonyeza pokhoma tenti. Kenako ndinamuona akukwera pampando, akutsitsa buledi uja pamsomali.

"Sojida! Ukutani? Munthu akadali m'njira!"

"Buledi satayidwa, Holbibi, ndi tchimo. Sindikutaya." Anamuphwanya ndi chibakera, chifukwa anali atauma gwa, anamunyika mumsuzi wankhosa n'kukawapatsa alendo aja. "Abale a mwini wake ndi amenewa. Adye ndi iwowa."

Anthu osalakwa aja anadya mpaka kunyambita mbale, akugwira pamtima kuthokoza. Ine ndimawakwiyira a Norpulat, koma kunena zoona, kwa masiku angapo galimoto iliyonse ikaima pamsewu ndinkaganiza kuti yabweretsa mtembo.

Sojida sanakhale pansi. Anaimbira mchimwene wake wa ku Navoi, yemwe anakapepesa kwa akuchimuna mpaka anavomera kuti iyeyo aime m'malo mwa bambo, mwambo ukachitikire kunyumba kwake. M'mawa wonyamuka anandiitana pakachitseko. Ndinapeza waphika buledi mmodzi yekha. Analuma kamodzi, anatafuna pang'onopang'ono, n'kundipatsa.

"Wochoka sadzipachikira yekha. Kwera pampandopo."

"Ubwera liti?"

"Ndikakasoka zofunda za ukwati wa mwana. Ndikadzamaliza ndidzaona ngati kuno kuli chondikoka."

Ndinamupachika pamsomali womwewo. Anandisiyira kiyi ndi nkhosa, iye ndi Shahlo n'kukakwera basi.

A ngwazi anatulukira kutentha kutafika poti phula likumata nsapato. Amoyo, athanzi, belu ngli ngli kuyambira kumsewu. Ndinawatsegulira geti ndine.

"A Holbibi! Mukadziwa zimene ndaona! Zombo zili pamchenga, zombo zenizeni! Kungoti mphepo inandichedwetsa, komanso m'busa wina anandikaniza kuchoka, anapha nkhosa. Mayi a Shahlo! Tiyi!"

"Mabulosi anapsa, achimwene," ndinatero. "Anapsa, anagwa, anauma."

"Aa, akuchimunawo tikambirana, ndi anthu." Analowa m'chipinda cha alendo akuvula nsapato, dzanja latsogola kale kumsomali. Anamutsitsa bulediyo, n'kuima. Iwo akaluma amachotsa chigamba ngati cha tayala la thirakitala. Apa panali kamalo kakang'ono, kooneka mpata wa dzino limene Sojida anachotsa chaka chatha.

"Uyu si wanga."

"Si wanu."

"Wanga ali kuti?"

"Anadya anzanu a matenti. Ati anakoma."

Anakhala pansi pomwepo, pakapeti, buledi ali m'manja. Ndinawauza zonse, za mayi wa mano agolide, za nsalu zosamasula, za mwana wawo amene anatomeredwa m'nyumba ya eni ngati wamasiye. Sindinachotsepo, mwinanso ndinathirako mchere pang'ono. Zigoba zija zinali zitakhuthukira pansi kuchokera m'thumba la malaya.

"Ndikwera basi ya mawa," anatero.

"Kwerani. Koma Sojida anati mukakafika kumeneko mukapeza geti lotseka. Komanso mukachoka, bulediyu alondera ndani? Si inu munkauza anthu komwera tiyi kuti wolondera buledi sachoka pakhomo?"

Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi otentha. Kenako anakwera pampando n'kumubwezera pamsomali.

Chilimwe chonse akhala pakhomo. Madzi akutunga okha, ndipo adziwa tsopano kulemera kwa chigubu chopanda kaliyala. Nkhosa ndinawabwezera tsiku lomwelo. Mpunga akupsereza, fungo limafika kuno. Ndimawapatsirako chakudya pakachitseko, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma kuti utsi usandiphe. Akaimba foni ku Navoi amayankha ndi Shahlo, mwaulemu, mawu awiri atatu. Mayi ake ati ali pa makina osokera. M'mawa uliwonse ndimamva mpando ukukokedwa m'chipinda cha alendo: akupukuta fumbi pabuledi, akuyang'ana ngati nyerere zafika. Akatero amagogoda pakachitseko.

"A Holbibi, anakuimbirani?"

"Kuchipululu kuno sikugwira, achimwene."

Sabata yatha kutentha kunayamba kuchepa, nyengo yawo ija. Kunadutsa mnyamata wa njinga wopita cha ku mapiri, anagona pansi pa mabulosi, ndipo a Norpulat anamuphikira okha, mazira opserera. M'mawa mlendo atapita ndinamva pampu. Fyee, fyee. Ndinati ndiyetu basi, galu wabwerera ku masanzi ake. Ndinavula silipasi kuti ndikawagende nayo, Mulungu ndi mboni. Pampu inasiya. Kunamveka sipanala. Kenako kugogoda.

Nditatsegula ndinapeza aima ndi wilo lakutsogolo la njinga yawo, lopopa bwinobwino.

"Sungani ili," anatero osandiyang'ana. "Mukawauze mayi a Shahlo kuti lili kwa inu. Adzandipatse okha, akadzafuna."

Ndinamuimbira Sojida nthawi yomweyo, ndinamuuza. Makina osokera anaima.

"Buledi ali bwanji?" anafunsa.

"Akumupukuta ngati mwana wakhanda. Ubwera?"

"Zofunda ndinamaliza kale. Ndibwera, akaperekeze mwana wawo ku ukwati. Koma usawauze. Apukute kaye mpaka mavwende athe kumsika."

Ndiye sindinawauze, ndipo inunso mukakawauza ndidziwa kuti ndinu. Wilo lija ndaliika padenga, ndikuyanikapo tomato. Limagwira ntchito bwino kuposa mmene linkachitira kwa eni ake.