Mphini za Tizilombo ta M'kamwa Mwanga

Ndili kwa dokotala wa mano, dzuwa lili paliwombo. Loweruka mwana wanga akukwatiwa, koma mano anga akutsogolo akugwedera onse.

"Yasamulani, mayi," akutero adokotala.

Ndikuyasamula, basi tonse awiri tili m'kamwa mwangamo, tikuponda nkhama zofewa ngati matope a kudambo. M'mipata ya mano mwakhala tizilombo ta chiseyeye, titatambalala. Kalikonse kakusolola ulusi wautali m'mimba mwake, kakuutema mphini ndi lezala, n'kupakamo mankhwala akuda.

"Ulusi umenewo ndi DNA yawo," akutero adokotala, akundipatsa sizasi. "Mukaudula, tizilomboti tifa. Koma wamphini suduka. Funani wopanda mphini, fulumirani!"

Ndikukwawa, ndikufufuza ulusi umodziumodzi, magazi andifika m'zigongono. Wonse ndi wamphini. Sizasi ikungotafuna, osadula.

Ndikugwadira kachilombo kena kovala duku. "Chonde amayi, ndisiyireni awiri akutsogolowa mpaka Loweruka. Ndikangoseka nawo pa chithunzi, mudzatenge."

"Mwachedwa," kakutero osandiyang'ana n'komwe. "Tatemera ndi ana omwe."

Dzino likuzuka, likugwera m'manja mwanga. Tsopano ndili kuseri kwa nyumba yakwathu, ndikuliponya padenga monga tinkachitira tili ana.

"Khwangwala, khwangwala, tenga lakale, undipatse latsopano!"

Khwangwala akutera, akundibwezera lomwelo. "Akuluakulu sitiwapatsa."

Ndadzidzimuka kunja kutayera, lilime likuwerenga mano. Onse alipo. Koma papilo pali dontho lofiira, ndipo ndikuopa kuluma ngakhale nthochi.