Nkhungu pa Vanishi Yanga

Ndinaganiza zochoka chaka chimene bwato langa linang'ambika pa Bua. Ndinauza mayi a Hawa, akazi anga, kuti nkhafi sindigwiranso, ndikupita ku Joni. Sanandiletse.

Kumeneko ndinagwa m'manja mwa mzungu woyala matabwa pansi m'nyumba za olemera. Zaka khumi ndi zinayi ndili chogwada. Thabwa la tiki lili ndi mafuta akeake. Ukangopala n'kupaka vanishi, mawa imasupuka. Umayamba wapukuta ndi thinazi, mankhwala ochotsa mafutawo, mpaka nsalu isiye kuda, ndiye upake msanga mafuta asanatulukenso. Zolemba pachitini sindiwerenga ine, koma azungu ankadzafunsa ine. Ndalama ndinkatumiza, mawu ndinkajambula pafoni. Lamlungu ndinkayankhula ndi khoma.

Nditabwerako, a Shaibu, eni malo ogona alendo kunyanja kuno, anandipatsa ntchito yopaka vanishi mu holo yawo ya matabwa omwewo. Ukwati wa mwana wawo unali Loweruka. Ndinalumbira pamsika, anthu akumva, kuti alendo adzadziona nkhope pansipo.

Lachinayi m'mawa ndinapukuta bwinobwino, n'kutsegula mawindo onse monga tinkachitira ku Joni. Mayi a Hawa anabwera ndi tiyi, n'kuima pakhomo maso ali kunyanja.

"Bambo a Hawa, lero musapake. Chilipo chikubwera uko."

"Mayi, za thabwa siyirani ine. Munapitako ku Joni inu?"

"Ayi. Ndinali kuno."

Ndinapaka. Ndili pakati pa holo, kunja kunachita mdima dzuwa lili pamutu. Nkhungu, tizilombo ta m'nyanja tija, inalowa pamawindo onse ngati utsi. Ndinathamanga kukatseka ndikuponda vanishi yanga yomwe. Pansi ponse panangoti bii, tizilombo tonse titamatirira.

A Shaibu atafika sanakweze mawu. "Akulu, ukwati ndi mkuja."

Ndinakanda, ndinapalanso mpaka mawondo ananyuka. Lachisanu m'mawa, chitini chomaliza chili m'manja, ndinatuluka kukayang'ana nyanja yomwe ndinakulirapo. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Madzi okhaokha. Sinandiuze kanthu.

Ndinayenda mpaka kunyumba, n'kupeza akazi anga akuyanika usipa.

"Mayi a Hawa, tiyeni mukandionere ngati ndingapake."

Anamaliza kaye kuyanika. Titafika anaima panja nthawi yaitali, ine ndili kumbuyo kwawo, a Shaibu akutiyang'ana.

"Mphepo yatembenuka," anatero. "Pakani. Koma mawindo akunyanjawo tsekani."

Ndinatseka.